Kodi Ulesi Umakhala M'miyendo Kapena Mumtima?

Khutba yoyamba

Kutamandidwa ndi kwa Allah, Mwini nthawi, amene anatipatsa usiku kuti matupi apumule ndi usana kuti manja afunefune chakudya. Tikumutamanda, tikumupempha chithandizo ndi chikhululuko, ndipo tikuikira umboni kuti palibe wina woyenera kupembedzedwa koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira mwaubwino kufikira Tsiku la Chiweruzo.

Abale ndi alongo athu olemekezeka, langizo loyamba tikudzipatsa tokha tisanalipereke kwa inu: tiope Allah pagulu ndi pamene tili tokha. Nkhani ya lero ikuyambira pa liwu limodzi lachilendo. Masiku apitawa, titamaliza maphunziro a ku madrasa, mnyamata wina anationetsa pa foni kanyama kolendewera pa nthambi ya mtengo, kakusuntha dzanja ngati kali kutulo. Anati pa Chingerezi kanyamako amakatchula kuti sloth, ndipo aphunzitsi a kusukulu anawauza kuti liwu lomwelo ndi dzina la limodzi mwa machimo akuluakulu m'chiphunzitso cha Akhristu. Kenako anafunsa: "Shehe, kodi kuyenda pang'onopang'ono ndi tchimo? Nanga agogo anga, amene amafika kumzikiti swala itayamba kale chifukwa cha maondo, ndi aulesi?"

Funsoli ndi la mwana, koma yankho lake likutikhudza akulu tonse, chifukwa liwu loti "waulesi" ndi mwala umene timaugenda kawirikawiri, m'nyumba, kumunda ndi pamsika, osayang'ana kuti wagwera ndani. Choncho tiyeni tilitsatire liwu la Angerezili kumene linachokera. Mawu ali ngati mtsinje: madzi amene timatunga kumunsi anadutsa m'midzi yambiri, ndipo mudzi uliwonse unatsukiramo zake.

Liwu la sloth linabadwa kuchokera ku liwu lina limene ana athu amalidziwa, slow, limene lero limatanthauza kuchedwa kapena kuyenda mwachidodo. Kale Angerezi akafuna kupanga dzina la khalidwe ankalumikiza th kumapeto kwa liwu, monga momwe ife timaikira u kumayambiriro: mlesi n'kukhala ulesi, mfumu n'kukhala ufumu. Mwa njira imeneyi warm, chinthu chofunda, linabala warmth, kufunda. Ndipo slow linabala slouthe, kalembedwe kamene kakupezeka m'zolemba za ku England chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100. Koma tamverani ichi. M'Chingerezi chakale kwambiri, kholo la liwu la slow silinkanena kwenikweni za liwiro la miyendo. Linkanena za munthu wolemera kudzuka, wozizira, wogontha m'maganizo. Ndipo slouthe poyamba linkatanthauza kutayirira ndi kunyalanyaza udindo. Tanthauzo la kuchedwa chabe linadzakula pambuyo pake. Liwuli linayambira mumtima, kenako n'kutsikira m'miyendo.

Panalinso china chimene chinalilemeretsa liwuli. Ansembe a ku England pophunzitsa anthu wamba anafunika liwu la chiyankhulo chawo lomasulira liwu la Chilatini lakuti acedia, ndipo limene linakhazikika ndi sloth. Acedia nalonso linabwerekedwa kwa Agiriki, amene ankati akedia. Liwu limeneli lili ndi zigawo ziwiri: a, kutanthauza "popanda", ndi kedos, kutanthauza chisamaliro kapena kulabadira. Kedos sichinali chisamaliro wamba. Liwuli linkanenanso za chibale, ndiponso za zimene amoyo amachitira womwalira: kumulira, kumukonza, kumuika m'manda. Mpaka lero Agiriki amatchula mwambo wa maliro ndi liwu lochokera ku muzu womwewo, ndipo m'zolemba zawo zakale mtembo wosiyidwa pamtetete popanda woukwirira unkatchulidwa ndi liwu la banja lomweli. Ife amene timadziwa kuti janaza ikasowa woisamalira mudzi wonse umasenza mlandu, tikumva msanga kuopsa kwake. Akedia ndi mtima umene wasiya kulabadira chinthu chimene unayenera kuchilabadira.

Amene anawafotokoza bwino matenda amenewa anali Evagrius wa ku Pontus, dera la kumpoto kwa dziko limene lero ndi Turkey. Iye anali Mkhristu wodzipatula amene anakhala m'chipululu cha Egypt mpaka imfa yake mu 399, zaka pafupifupi 170 Mtumiki wathu asanabadwe. Analemba mndandanda wa maganizo oipa asanu ndi atatu amene amavutitsa munthu wopemphera, ndipo akedia anaitcha chiwanda cha masana. Malinga ndi kufotokoza kwake, imamugwira munthu dzuwa likamakwera kufikira litapendeka pang'ono. Munthuyo amaona ngati dzuwa laima ndipo tsiku silikutha. Amasuzumira pazenera kawirikawiri, amatuluka kukayang'ana ngati kukubwera mlendo, amayamba kuipidwa ndi malo ake, ntchito yake ndi anzake, n'kumaganiza kuti kwina kukanakhala bwino. Taonani, abale: munthu ameneyu sakugona. Akuyendayenda, akutuluka ndi kulowa. Chimene chafa mwa iye ndi chikondi cha ntchito imene ili patsogolo pake.

John Cassian, amene anaphunzira kwa odzipatula a ku Egypt amenewa, anatengera chiphunzitsochi ku Ulaya. Cha m'ma 590 Papa Gregory Woyamba anakonza mndandanda wa machimo asanu ndi awiri, n'kuika akedia pansi pa dzina la chisoni. M'mibadwo yotsatira dzinali linabwereranso pa mndandandawo, ndipo Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, analifotokoza ngati chisoni chimene munthu amachimva pa zabwino za Mulungu, pamene ubwino wamusandukira katundu. Sitikutchula anthuwa kuti titenge chipembedzo kwa iwo. Tikuwatchula chifukwa mbiri ya liwuli inadutsa m'manja mwawo, ndipo wokhulupirira akapeza nzeru panjira saidumpha. Chimene tikufuna muone n'chakuti pomasulira panatayika kanthu. Ganizo lonena za kuzirala kwa mtima linavekedwa chovala chimene m'makutu mwa anthu chinayamba kumveka ngati kuchedwa kwa thupi. Patapita mibadwo, anthu anakumbukira chovala, n'kuiwala wovala.

Tsopano tifike pa kanyama ka pa foni kaja, ndipo pano nkhaniyi ikudutsa m'chiyankhulo chimene ambirife tinaphunzira kusukulu. Mu 1500 zombo za Pedro Álvares Cabral zinakocheza ku Brazil, ndipo chaka chomwecho zinadutsanso m'gombe la dziko lathu lino popita ku India. Apwitikizi atakhazikika ku Brazil anaona m'nkhalango nyama yachilendo kwa iwo, yolendewera chadodolido m'mitengo, yosuntha ngati yosafuna. Anaitcha preguiça, liwu lija limene aphunzitsi athu ankatikalipira nalo, lochokera ku Chilatini pigritia. Mpaka lero ku Brazil amati bicho-preguiça. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, Angerezi powerenga nkhani za apaulendo anangomasulira dzina la Chipwitikizi lija, n'kuitcha nyamayo sloth. Motero cholengedwa chosalakwa chinapatsidwa dzina la tchimo ndi anthu amene anangochiona kwa kanthawi.

Koma amene anakhala pansi n'kuifufuza nyamayi anapeza zosiyana. Imakhala m'nkhalango za ku Central America ndi South America, ndipo chakudya chake chachikulu ndi masamba a mitengo, amene amapatsa mphamvu yochepa ndiponso amavuta kugaya. Chakudya chimatha masiku ambiri chili m'mimba mwake. Nyama yodya zotere ikanati izithamanga ngati gwape, ikanafa ndi njala ili pakati pa chakudya. Choncho Mlengi anaipatsa thupi losawononga mphamvu. Imatsika pansi pafupifupi kamodzi pa sabata kukadzithandiza. M'ubweya wake mumamera ndere zobiriwira zimene zimaifananitsa ndi masamba, ndipo poti imasuntha mwakachetechete, chiombankhanga ndi kambuku wa kumeneko nthawi zambiri amaidutsa osaizindikira. Ngakhale za tulo take anthu anachita kukokomeza: ofufuza amene anayeza tulo ta nyamazi m'nkhalango ya ku Panama anapeza kuti zimagona maola osakwana khumi pa tsiku. Kuchedwa kwake ndiko kumaisunga ndi moyo. Ikuchita ndendende chimene inalengedwera, ndipo palibe udindo umene yaunyalanyaza.

Tisawaseke Apwitikizi ndi Angerezi okha. Nthano za makolo athu zinamusenzetsa birimankhwe mlandu wakuti imfa inalowa m'dziko chifukwa iye anachedwa ndi uthenga, buluzi n'kumupitirira. Ndipo mlendo atafika ku Metangula dzuwa lili paliwombo, n'kuona amuna amphamvu atagona pansi pa mitengo m'mbali mwa nyanja, akhoza kubwerera kwawo n'kukanena kuti anthu a kunyanja ndi alesi. Sanawaone usiku wonse ali pamadzi ndi nyali, akukoka khoka la usipa m'chisanu. Diso limaona ola limodzi, n'kuweruza moyo wonse.

Kulakwitsa kotereku kukakhala m'kamwa mwa munthu wamphamvu kumasanduka unyolo. Agogo athu anaziona. Mu 1899 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo la ntchito, lokonzedwa ndi gulu lotsogozedwa ndi António Enes, lonena kuti mbadwa zili ndi udindo, mwa chikhalidwe ndi mwa lamulo, wogwira ntchito, ndi kuti wosakwaniritsa udindowo boma likhoza kumukakamiza. Pansi pa lamuloli panagona ganizo lakuti munthu wakuda ndi waulesi mwachibadwa. Anthu amene ankalima, kusula makasu, kuwedza ndi kuyenda maulendo ataliatali a malonda ankatha kuwerengedwa ngati ongokhala, n'kutengedwa pa chibalo kukalambula misewu ndi kulima minda ya makampani. Kuyambira mu 1938 mabanja ambiri anakakamizidwa kulima thonje, minda yawo ya chakudya n'kumera thengo, ndipo dongosololi silinathetsedwe pa lamulo mpaka 1961. Tsidya la malire, ku Nyasaland, abale athu anali ndi thangata. Liwu limodzi, preguiçoso, linali lokwanira kuchotsa bambo pakhomo pake miyezi isanu ndi umodzi.

Ndipo chizolowezi choweruza wopanda ntchito sichinachoke ndi atsamunda. Akuluakulu pakati pathu akukumbukira chaka cha 1983, pamene anthu zikwi zambiri a m'mizinda amene analibe chikalata chosonyeza ntchito anatchedwa osapindulitsa, n'kunyamulidwa kupita kumpoto, makamaka ku Niassa. Lero palibe amene akunyamulidwa, koma lilime likugwirabe ntchito yomweyo. Mnyamata wamaliza sukulu, wayenda ndi makalata ake mpaka nsapato kutha, ndipo akakhala pakhonde timati, "Taonani ulesi." Angerezi ali ndi liwu linanso, idle, limene poyamba linkatanthauza chinthu chopanda kanthu m'kati, chachabe, kenako n'kuyamba kunena za munthu wosagwira ntchito. Chiarabu chinayenda njira yofanana: batwaala, ulova, ndi baatwil, chachabechabe, n'zochokera ku muzu umodzi. Ziyankhulo ziwirizi zikutionetsa kuti m'maganizo a anthu, mtunda wochoka pa "alibe ntchito" kufika pa "alibe phindu" ndi waufupi kwambiri. Wokhulupirira asauyende mtunda umenewo.

Nanga Chisilamu chimauika pati ulesi? Liwu la Chiarabu ndi kasal, ndipo akatswiri a chiyankhulochi amalifotokoza ndi kulemera, pamene munthu akulemedwa ndi chimene sichinayenere kumulemera. Anas bin Malik, Allah asangalale naye, amene anatumikira Mtumiki zaka khumi, anatiuza kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankapempha kawirikawiri chitetezo kwa Allah ku zinthu ziwiri zimene ankazitchula motsatizana: ajz ndi kasal. Ma ulama, mmodzi mwa iwo Ibn al-Qayyim wa ku Damascus amene anamwalira mu 1350, anasiyanitsa ziwirizi momveka. Ajz ndi kulephera chifukwa mphamvu palibe. Kasal ndi kusiya chifukwa kufuna palibe, mphamvu zilipo. Zonse ziwiri zimamana munthu zabwino, n'chifukwa chake timapempha kutetezedwa ku zonsezo, koma mlandu uli pa chachiwiri. M'Qur'an yolemekezeka liwu la muzu umenewu likupezeka kawiri, mu Surah An-Nisaa ndime 142 ndi mu Surah At-Tawbah ndime 54, ndipo konse kuwiri likunena za achiphamaso ndi mmene amaichitira swala. Taganizirani: anthuwo afika, aimirira pamzere. Miyendo yagwira ntchito yake. Ulesi umene ukudzudzulidwawo uli m'chifuwa.

Chitsanzo chomveka kwambiri ndi ulendo wa ku Tabuk, m'chaka chachisanu ndi chinayi cha Hijra, chimene ndi 630. Inali nyengo yotentha, ulendo unali wautali, ndipo tende anali atapsa m'minda ya ku Madina. Amuna ena osauka anabwera kwa Mtumiki kudzapempha chokwera kuti apite nawo. Atauzidwa kuti palibe, anabwerera misozi ili chuchuchu, ndipo Qur'an inawachotsera mlandu mu Surah At-Tawbah ndime 92. Amenewo ndiwo a ajz: chokwera analibe, koma mitima inali itanyamuka kale. Nkhani ya Ka'b bin Malik, Allah asangalale naye, inali ina, ndipo anaifotokoza yekha mosabisa. Pa nthawiyo anali wamphamvu ndi wopeza bwino kuposa kale lonse, ali ndi ngamira ziwiri. Sanakane kupita. M'mawa ankatuluka kuti akakonzekere, n'kubwerera asanachite kanthu, akudziuza kuti akafuna awapeza panjira. Mawa linabala mawa linzake, mpaka gulu linafika kutali. Mtumiki atabwerako, Ka'b sanapeke chifukwa. Anavomera kuti analibe chowiringula. Iye ndi anzake awiri, Murara bin Rabi' ndi Hilal bin Umayya, anakhala masiku 50 popanda wowayankhula, kufikira Allah atalandira kulapa kwawo, monga zilili mu ndime 118 ya Surah yomweyo. Woona ndi maso okha akanati wosowa chokwera ndi wozengereza ndi amodzi, pakuti onse anaoneka ali pakhomo gulu likunyamuka. Kwa Allah sanawerengedwe pamodzi.

Kuchedwa pakokha chipembedzo chathu sichidana nako. Nthumwi za fuko la Abdul Qays zitafika ku Madina, ambiri anatsika pa ngamira n'kuthamangira kwa Mtumiki, koma mmodzi wa akuluakulu awo, Al-Ashajj, anatsalira, nasamalira katundu, nasintha zovala, nabwera modekha. Ndipo iyeyo ndiye anauzidwa kuti ali ndi makhalidwe awiri amene Allah amawakonda, kuleza mtima ndi kudekha. Tinaphunzitsidwanso kuti tikamva iqama tisathamange, tiyende mwaulemu, kenako tikwaniritse zimene zatidutsa. Ndipo kumbukirani munthu uja amene anaswali mwaphuma mu mzikiti wa Mtumiki, nabwezedwa katatu kuti akaswalinso, mpaka anaphunzitsidwa kukhazikika pa kuwerama ndi pa kugwetsa nkhope pansi. Munthu ameneyo sanali wachidodo. Liwiro lake ndilo linali vuto. Makolo athu anati kuthamanga sikufika, ndiponso kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulipo ulesi umene umathamanga, wofuna kuthana nacho chinthu msangamsanga chifukwa mtima sukufuna kukhalapo.

Apa ndiye nkhaniyi yatifika pakhomo ife amene timadzitama kuti ndife otanganidwa. Bambo amene amatuluka m'bandakucha n'kubwera usiku, koma patha chaka asanatsegule kope la mwana wake kapena kumufunsa chimene chikumudetsa nkhawa, palibe angamutche mlesi. Komabe kedos ija, chisamaliro cha wachibale, yazima mwa iye. Mmisiri womanga nyumba zitatu nthawi imodzi, akuchepetsa simenti kuti amalize msanga. Wa mu ofesi amene amafika nthawi yake, koma mlimi akaima pazenera amamuuza kuti abwere mawa. Ife mashehe tikamabwereza khutba yomweyomweyo chaka ndi chaka osatsegulanso buku: tonsefe tikuyenda, ndipo tonsefe tikhoza kupezeka m'gulu la alesi. Chinyanja chathu chili ndi liwu lolasa bwino kuposa sloth. Liwulo ndi mphwayi. Munthu wa mphwayi amadziwa choyenera, angathe kuchichita, koma mumtima amati, "Zilibe kanthu."

Tanena zimene mwamvazi, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye sabweza wobwerera kwa Iye.

Khutba yachiwiri

Kutamandidwa ndi kwa Allah yekha, madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake womaliza.

Abale ndi alongo, mnyamata uja tinamuyankha kuti agogo ake si aulesi. Mapazi awo ndi ochedwa, koma phazi lililonse likulembedwa, ndipo mwina iwo ali pafupi ndi Allah kuposa ife amene tinafika pamzere woyamba mitima ili kumsika. Pa yankho limeneli tikutolapo maudindo awiri, wina wa lilime, wina wa manja.

Udindo wa lilime ndi uwu: tisanamutche munthu waulesi, tifunse. Mayi amene akuchedwa ndi ntchito za pakhomo, mwina magazi achepa m'thupi, mwina malungo akumudya mwakachetechete. Mwana amene akuwodzera m'kalasi, mwina wabwera m'mimba mulibe kanthu. Ndipo alipo matenda a maganizo amene amachotsera munthu chilakolako cha chilichonse, ngakhale cha chakudya. Wotereyu tiyenera kumuperekeza kuchipatala ndi kukhala naye pafupi, pakuti kumulalatira kumangowonjezera bala. Akale aja anaona kuti akedia ndi chisoni n'zoyandikana nyumba, ndipo anaona zoona. Kusiyanitsa wolephera ndi wosafuna ndi chilungamo chimene tidzafunsidwe nacho.

Udindo wa manja ndi uwu: zonse tanenazi zisakhale mthunzi wobisalamo amene angathe. Ngati mphamvu zilipo, kusowa kwa ntchito ya mu ofesi sikutseka makomo onse. Abdur-Rahman bin Awf, Allah asangalale naye, anafika ku Madina mu 622 atasiya chuma chake ku Makka. M'bale wake wa chi-Answari, Sa'd bin Rabi', anafuna kumugawira theka la chuma chake. Iye anathokoza, napempha kuti angomulozera njira ya kumsika, ndipo anayamba ndi malonda ang'onoang'ono a mafuta a mkaka ndi mkaka wouma. Tinaphunzitsidwanso kuti kutenga chingwe, kukatola nkhuni n'kugulitsa, n'kwaulemu kuposa kupemphapempha. Inu achinyamata athu, dimba la m'mbali mwa mtsinje, kukonza njinga ndi mafoni, kuweta nkhuku, kuphunzitsa ana a mnansi kuwerenga, zonsezi zilibe manyazi. Ndipo inu amene muli ndi sitolo, galaja kapena bwato, musamangodandaula kuti ana a masiku ano ndi alesi. Tengani mmodzi, mumuphunzitse, mumulipire mokwanira ndiponso pa nthawi yake.

Nanga mphwayi zikatigwira, mankhwala ake n'chiyani? Choyamba, tizitchule dzina lake, monga anachitira Ka'b. Bodza limene timadziuza tokha ndilo limazinenepetsa. Chachiwiri, tichepetse ntchito kufikira itanyamulika, koma tisaisiye. Mayi athu Aisha, Allah asangalale nawo, anatiphunzitsa kuchokera kwa Mtumiki kuti chabwino chaching'ono chopitirira n'chokondedwa kwambiri kwa Allah. Tsamba limodzi la Qur'an pa tsiku, mizere ingapo m'munda, ulendo umodzi pa sabata kukaona kholo lokalamba: tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Chachitatu, tisathawe pamalo. Odzipatula a m'chipululu cha Egypt aja anapeza kuti wogwidwa ndi akedia amaganiza kuti akachoka achira, koma matendawo amapita nawo m'thumba. Mankhwala awo anali kupirira ndi ntchito ya manja. Chachinayi, tipumule moona. Kugona pang'ono masana, qailula, ndi sunna, ndipo thupi lili ndi gawo lake pa ife. Wopumula amadzuka ali ndi njala ya ntchito. Wa mphwayi amadzuka atatopa kuposa mmene anagonera. Umo ndimo tingasiyanitsire ziwirizi. Maola amene chala chimathera chikutsetsereka pa foni, tidzifunse kuti akugwera mbali iti.

Tsiku la leroli nalonso ndi phunziro. Surah Al-Jumu'ah, ndime 9 ndi 10, ikutilamula kusiya malonda adhana ikamveka, ndipo swala ikatha ikutibwezera kukafunafuna zabwino za Allah pa dziko. M'tsiku limodzi tikulamulidwa kuima ndiponso kuyenda, ndipo zonse ziwiri zimafuna mtima umene ulipo. Tikatuluka pakhomo ili, aliyense akumbukire chinthu chimodzi chimene wakhala akuchiuza kuti "mawa": ngongole yoti abweze, m'bale woti amupepese, wodwala woti akamuone, manda a kholo amene amera udzu. Achiyambe dzuwa lisanalowe, ngakhale atayenda pang'onopang'ono ngati kanyama ka ku Brazil kaja.

Inu Allah, dzutsani mitima yathu pamene yazirala. Patsani mphamvu ofooka, chiritsani odwala, ndipo tsegulirani achinyamata athu makomo a riziki la halali. Tetezani malilime athu kuti asasenzetse mlandu wosalakwa. Khululukirani makolo athu, amoyo ndi amene anatsogola, ndipo chitirani chifundo iwo amene anavutika pa ntchito zokakamiza. Dzetsani mtendere m'dziko lathu la Moçambique ndi mvula ya madalitso m'minda yathu. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse. Aamiin.

Imirirani, tiwongole mizere, tiswali.